Tsiku Limene Ndinakalira Maliro a Muulutsi Wamoyo

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu wathu, amene amadziwa kuti ndife fumbi ndipo satibwezera molingana ndi kupusa kwathu. Ndimuthokozenso chifukwa munthu amene ndinakamulira maliro chaka chatha adakali moyo, akudya bwino, ndipo Lamulungu lapitali ndamumva akutsokomola pa wailesi. Abale anga owerenga, nkhani iyi ndaibisa miyezi yambiri. Mayi a kunyumba akuti ndiilembe ndekha, chifukwa ndikapanda kutero aifotokoza iwo, ndipo iwo akamafotokoza sasiyako kanthu.

Ine ndimagwira ntchito ku fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo, kuchipinda chofotetsera masamba. Amene sanalowemo sangamvetse. Muli zikupizo zikuluzikulu zopemerera mphepo pansi pa masamba, ndipo zimalira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ukaweruka, phokoso lija umapita nalo kunyumba m'makutu. N'chifukwa chake Lamulungu masana, tikachokera kutchalitchi, ndimakoka mpando wanga pakhonde n'kutsegula wailesi ya m'dera lathu lino. Ikakwana 2 koloko pamakhala pulogalamu ya nyimbo zakale za kutsidya kwa nyanja, zija zoimbidwa ndi limba, zingwe, zitoliro ndi malipenga, zambiri zopanda ndi liwu limodzi lomwe la munthu. Anzanga ena amati ndi nyimbo za mabwana. Kwa ine ndi madzi odikha. Zikamalira, zikupizo zija zimazima m'mutu mwanga, ndipo ndimatha kupemphera osatsegula pakamwa.

Vuto linali muulutsi wake.

Dzina lawo sinditchula. Ife timangowatchula kuti a Malimba, chifukwa ndi aphunzitsi opuma amene anaimba limba m'tchalitchi zaka zambiri, ndipo amakhala cha ku Masambanjati. Nkhope yawo ndinali ndisanaione. Koma pakamwa pawo ndinkapadziwa bwino. Nyimbo isanayambe, ankafotokoza amene anaipeka, matenda amene ankadwala, ndi mmene anavutikira ndi ana. Nyimbo ikafika pokoma penipeni, pamene mtima wanga wayamba kukwera kumwamba, ankangotulukira: "Tamverani apa, okondedwa, tamverani apa! Zitoliro zikuyankha zingwe!" Ndipo liwu lomaliza lisanazilale, iwo ayamba kale kupereka moni ku Chimaliro ndi kwa Changata.

Nkhani ya a Malimba tinkakangana nayo Lolemba lililonse pa nthawi yopuma, titakhala pansi pa mtengo kuseri kwa fakitale ndi makapu athu.

"Inu simudziwa kanthu," ankatero a Jailosi, mnzanga woyendetsa thirakitala yonyamula masamba. "Popanda mdala uja kufotokoza, ine ndimangomva ngati udzudzu uli pa msonkhano. Koma akanena kuti apa ndi mvula, ndimaimvadi mvula."

"Ine mawu awo ndi amene amandikomera," ankatero mayi Esinati, othyola tiyi amene timapemphera nawo limodzi. "Akangoti 'moni okondedwa,' ine tulo. Ndimadzuka akutsanzika."

"Ndiye mumamverapo chiyani, mayi?"

"Tulo tomweto, achimwene. Simudziwa kuti tulo ndi mphatso ya Ambuye?"

Ine ndinkangopukusa mutu. Ndinkadziona ngati ndekha ndi amene ndili ndi makutu pa esiteti yonse. (Kunyada kumatsogolera, kugwa kukutsatira pambuyo ndi katundu wake. Zimenezi ndinaziphunzitsapo ena paguwa.)

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti omvera alembe maganizo awo pa aulutsi. Ndinagula mapepala. Ndinalemba masamba anayi, mbali zonse. Ndinati mlimi akafesa mbewu saima m'munda n'kumaiuza mmene imerere. Ndinati pali nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete, ndipo iwo yachiwiriyi anali asanakumane nayo. Zimenezo zinali bwinoko. Koma cholembera chikatentha chimathamanga chokha, ndipo kumapeto ndinalemba kuti: "Ngati mwakalamba moti lilime simungathenso kuligwira, perekani mpando kwa ena." Pansi pake ndinasaina kuti Womvera Wokhulupirika.

Mayi a kunyumba anaiwerenga ataima.

"Bambo a Chikondi, ngati zimenezi ndi zoona, bwanji simunalembe dzina lanu?"

"Dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita," ndinatero.

"Zimenezo ananena za mphatso. Sananene za mwala."

Ndinaitumiza ndithu.

Patapita masabata awiri, a Malimba anaiwerenga pa wailesi. Anaiwerenga yonse, pang'onopang'ono, osadumpha ngakhale chiganizo cha ukalamba chija. Ine pakhonde ndinayamba n'kumwetulira, koma mawu ako omwe ukawamva m'kamwa mwa amene wamubaya nawo, amamveka ena. Kenako anatsokomola, n'kunena motsitsa kuti: "Womvera Wokhulupirika, ndamva. Mwina nthawi yanga yokhala chete yakwanadi."

M'mawa mwake pansi pa mtengo paja panali moto.

"Amene analemba kalata ija ndi mfiti," anatero a Jailosi. "Ndipo ndi mfiti yopemphera, chifukwa mavesi ikuwadziwa."

"Eee, anthu ena alibe chisoni," ndinayankha, maso ali m'kapu. (Pa fakitale palibe tambala, koma ine ndinamumva akulira.)

Sabata yonse mtima sunakhale pansi. Ndinkati ndikagwada kupemphera, ndizingomva kutsokomola kuja. Ndinadziuza kuti ndilembanso kalata ina yopepesa, ya dzina langa lenileni. Lachiwiri ndinati mawa. Lachisanu ndinati Lamulungu likapita.

Lamulungu linafika ndi chiperoni, nkhungu ili mbuu pa minda ya tiyi. Mapemphero atatha, ife akulu a mpingo tinatsalira kukambirana za denga lodontha, ndipo ndinafika kunyumba pulogalamu itayamba kale. Nditatsegula wailesi, ndinapeza limba likulira pansipansi, mwapang'onopang'ono, ngati anthu onyamula chinthu cholemera pamtunda. Ndinadikira "tamverani apa." Sanabwere. Nyimbo inatha, inayamba ina, yozizira kuposa yoyamba. Palibe moni. Palibe Chimaliro, palibe Changata. Yachitatu chimodzimodzi.

Tsono inu achinyamata mwina simungamve zimene zinandigwira. Ife amene tinakula ndi wailesi tikudziwa kuti ikasiya kulankhula n'kumangoimba nyimbo zozizira motsatizana, ndiye kuti kwagwa mtengo waukulu. Tinazimvapo, ndipo makolo athu ankangovula zipewa osadikira kuuzidwa. Ndinakumbukira chifuwa chija. Ndinakumbukira mawu aja akuti nthawi yokhala chete yakwana.

"Mayi a Chikondi! A Malimba atisiya."

Anatuluka akupukuta manja. "Mwamva kwa ndani?"

"Wailesi."

"Yanena?"

"Sinanene. Umboni wake ndi umenewo."

"Taimbani kaye foni kuwailesiko."

Ndinaimba kawiri. Inangoitana osayankhidwa. "Mwaona? Onse ali kusiwa."

Pulogalamu itatha, panabwera mnyamata wolengeza za mpira, ali gwa, ngati palibe chachitika. Ndinawafotokozera mayi kuti n'zosadabwitsa, maliro salengeza achibale onse asanamve. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa kukatenga chitenje. Anandiuza pambuyo pake kuti sanapite chifukwa chondikhulupirira ayi. Anapita kuti pakhale wina wondinyamula.

Ndinathamangira kwa a Jailosi. Tsiku limenelo iwo anali ku mpira ndipo sanamvere. Atamva, anakhala pansi n'kugwira mutu. "Kalata ija yawapha," anatero. Mayi Esinati nawo anatsimikiza: "N'chifukwa chake! Lero ndatsegula wailesi mochedwa, ndagona pamphasa, tulo osabwera. Ndinadziwa kuti pali china." Amayi a kwaya anali adakali kutchalitchi, ndipo ndinakawauza komweko. Mkulu wa mpingo akanena kuti kwagwa maliro, ndani angafunse kuti mwaona mtembo? Mayi wina yekha anafunsa ngati tinali pachibale ndi malemuwo, ndipo ine ndinayankha kuti munthu amene amalowa m'nyumba mwako Lamulungu lililonse si mlendo. Anthu anati ameni.

Posakhalitsa tinali anthu khumi ndi anayi pa kalole ka alamu awo a Jailosi konyamula nthochi. Tinatenga mitolo ya nkhuni, ufa, shuga, tiyi, ndi nkhuku yanga yoikira. Aliyense ankapita kukapepesa maliro. Ine ndekha ndinkapita ndi mlandu. Ndinkati ngati sindinathe kupepesa munthu ali moyo, ndikagwade pamaso pa mkazi wake ndiulule, mwina Mulungu angandichotsere magazi amenewa m'manja.

Titayandikira ku Masambanjati, tinaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Kwathu kuno aliyense akudziwa tanthauzo lake. A Jailosi anachepetsa liwiro, amuna tinavula zipewa, amayi anayambitsa nyimbo ya maliro. Titakhota, tinapeza chilole chitaima pambali, miyendo ya munthu itatulukira pansi pake.

"Kodi nthambizi si za lole yowonongekayi?" anafunsa a Jailosi.

"Imeneyi ndi imene yabweretsa bokosi," ndinatero. (Mulungu andikhululukire. Inali yodzaza ndi kabichi, ndipo ndinamuona.)

Tinaima pa mayi wina wogulitsa zinanazi kufunsa kwa aphunzitsi a pa wailesi. Analoza kanjira kotsika. Kenako anaona nkhuni, anaona amayi atafunda zitenje kumutu, anagwira pakamwa, n'kusiya zinanazi zake pomwepo kuthamangira m'mudzi. Uthenga wanga unali utamera miyendo yakeyake.

Nyumba inali ya njerwa, yozunguliridwa ndi nthochi, ili zii. Ndinaganiza kuti mtembo sunafike kuchokera kuchipatala (bokosi la kabichi lija ndinali nditaliiwala kale). Pakhonde panali mayi wachikulire atakhala pamphasa, akusola nandolo. Tinatsika, tinandandalika, tinalowa pabwalo tikuimba, ine patsogolo nkhuku ili m'khwapa.

Mayi aja anaimirira. Lichero linagwa, nandolo anamwazika. Ife sitinkadziwa kuti ali ndi mwana wamwamuna woyendetsa malole ku Joni, ndipo kuti tsiku lililonse amakhala ndi mantha a uthenga wa mtundu umenewu. Ataona gulu la alendo likubwera ndi nyimbo ya maliro, anagwira mutu n'kukuwa: "Mayo ine! Mayo, ndatsala ndekha!" Amayi athu atamva zimenezo anasiya nyimbo n'kuyamba kulira nawo. Anansi anayamba kutulukira m'nthochi, ena akulira asanafike.

Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinapereka nkhuku kwa a Jailosi, ndinagwada m'matope pamaso pa mayiwo, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Mayi, ndine! Ndine ndinalemba kalata ija! Womvera Wokhulupirika ndine! Ndinawabaya bambo ndi lilime langa, pamene iwo ndi amene anandiphunzitsa kumva. Ndisanawamve, chitoliro ndi lipenga kwa ine zinali chimodzimodzi. Sabata yonse ndimakhala m'phokoso, ndipo chimene chimandifikitsa Loweruka ndi kudziwa kuti mawa a Malimba abwera. Anali ngati mbale wanga, ine ndinawalipira chipongwe. Ndikanakonda alankhule pa nyimbo zonse mpaka Ambuye adzabwere, kusiyana ndi chete ameneyu!"

Ndinalira ndithu, misozi yeniyeni. Mayi aja anasiya kukuwa n'kumandiyang'ana ngati ndikulankhula chilankhulo cha kutali. Ndipo kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola.

"Pepani, abale. Wamwalira ndani?"

Mawu amenewo ndinkawadziwa kuposa a abusa anga. Nditacheuka ndinaona bambo wamfupi wa imvi, atavala magambutsi, chikwanje kumanja, mkoko wa nthochi paphewa.

Amayi awiri a kwaya anali atafika kale pakati pa munda wa nandolo. Mayi Esinati anabisala kuseri kwa mayi a kunyumba. Pomaliza a Jailosi, nkhuku ili m'manja, anati mwaulemu: "Inuyo, bambo."

"Ine? Liti?"

"Masana ano. Pa wailesi."

Mayi a m'nyumbamo anandigwira malaya. "Nanga mwana wanga? Mwana wanga ali bwanji?"

"Mwana wanu uti, mayi?"

Anandisiya, anakhala pansi pakati pa nandolo womwazika, n'kuyamba kulira kwina, kopanda phokoso. Pa zonse za tsiku limenelo, ichi chokha sindichiseka. Mpaka anaimbira foni mwana uja n'kumva mawu ake, m'pamene mpweya unabwerera pabwalopo.

A Malimba anatula nthochi zawo, anauza anansi kuti aliyense wa m'nyumba muno ali moyo, ndipo anatuma munthu kukabweza uthenga wa mayi wa zinanazi. Kenako anandiyang'ana ndili chigwadire.

"Pulogalamu ija timajambula Lachinayi, achimwene. Ndipo koyambirira ndinanena momveka kuti lero, pomvera kalata ya womvera wina, ndingoika nyimbo osalankhulapo. Simunamve?"

"Ndinachedwa kumsonkhano wa denga."

"Womvera Wokhulupirika," anatero pang'onopang'ono, "wochedwa."

Anthu anaphulika kuseka, ngakhale aja anali m'munda wa nandolo. Ine ndinalakalaka chinsomba chija chinameza mneneri chikanakhala ndi njira yofikira ku Masambanjati.

Koma bambowo sanaseke. Anandidzutsa, anandilowetsa m'nyumba, anandikhazika pampando. Pathebulo panali envelopu. Anati imeneyo ndi kalata yosiya ntchito, ndipo amati akaipereke m'mawa mwake.

"Mukudziwa chifukwa chimene ndimalongolola?" anandifunsa. "Ndili mwana, nyimbo zimenezi ndinkazimvera kunja kwa mpanda, zikuchokera m'nyumba za akuluakulu a esiteti. Palibe amene anandiuza kuti ndilowe. Ndiye ndikakhala pa wailesi ndimaona mayi wothyola tiyi, ndimaopa kuti atseka n'kunena kuti izi si zathu. Ndimafuna ndimugwire dzanja, ndimulowetse. Mwina ndimagwira mothina. Pamenepo kalata yanu sinaname."

Ndinati ndiyankhe, anakweza dzanja.

"Funso langa ndi limodzi. Zija mwanena mutagwada, ndi zoona, kapena ndi za pamaliro? Pajatu pamaliro aliyense amakhala munthu wabwino."

"Ndi zoona, bambo. Pamaso pa Mulungu."

"Ndiye masamba anayi, mbali zonse, panasowa malo oti muzilembepo?"

Abale anga, ndayankhapo mafunso ovuta m'makalasi a ubatizo, koma limeneli linandisowetsa pogwira. Ndinangoti, "Ndikhululukireni." Anakhala chete kanthawi, chete weniweni amene ndinkamufuna uja, ndipo sanandikomere ngakhale pang'ono. Kenako anatenga envelopu ija n'kuitana akazi awo.

"Mayi, alendowa abwera ndi nkhuni. Nayi pepala loyatsira."

Anatembenukira kwa ine. "Anthu ambiri zabwino zawo zimanenedwa iwo atagona m'bokosi. Ine ndazimva ndili chiimire, nthochi zili paphewa. Pitani mukapepese mayiwo, amene mwawalakwira kwambiri ndi iwo."

Ndinagwadanso kachiwiri, m'matope omwe aja. Mayiwo anandikhululukira, koma anati nandolo yense amene anamwazika nditole ndekha. Ndinatola, mkulu wa mpingo, kwaya yonse ikuonerera. Nkhuku yanga yoikira inaphedwa, ndipo tonse amene tinabwera kudzalira tinamwa tiyi ndi malemu, iwo akutifotokozera kusiyana kwa chitoliro chachikulu ndi chaching'ono. Mayi Esinati anagona pomwepo, atatsamira chipupa.

Pobwerera palibe anaimba. Titadutsa lole ya kabichi ija, a Jailosi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwira kumbuyo: "Mfiti yopemphera, mwakhala bwino kumeneko?" Mayi a kunyumba mpaka lero sananene kuti "ndinakuuzani," ndipo ndazindikira kuti kumeneko ndiye kunena kwake.

Kutchalitchi nkhaniyi sinathe. Munthu akatsokomola pa mapemphero, ena amamunong'oneza kuti achenjere ndingamumve. Ndikabweretsa uthenga uliwonse, ngakhale wa tsiku losesa pabwalo, amafunsa kuti, "Yanena, kapena sinanene?" Ndimavomera. Ndi mtanda wopepuka poyerekeza ndi umene ndinkaganiza kuti ndausenza.

A Malimba adakali pa mpando wawo. Asinthako chinthu chimodzi. Nyimbo yomaliza ikatha, amaisiya izilale yonse, ndipo amakhala chete kanthawi ndithu, moti umamva mtima wako ukugunda. Kenako amatsokomola n'kunena kuti: "Womvera Wokhulupirika, musanyamule nkhuni. Ndikadali moyo."

Kunena zoona, pakati pa nyimbo amalankhulabe. Lamulungu lapitali, zingwe zitafika pokoma penipeni, anatulukira ndi "tamverani apa" wawo uja, ndipo ndinangoona dzanja langa likufufuza cholembera m'thumba la malaya. Mayi a kunyumba anachisolola mwakachetechete n'kukachiika pamwamba pa kabati. Munthu wakale wa m'kati mwathu safa tsiku limodzi. Koma ndinakhala pansi, ndinamvera pamene anati ndimvere, ndipo zitoliro zinkayankhadi zingwe.

Tsono inu nonse amene mwawerenga manyazi angawa, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni makutu ofika pa nthawi yake, aike mlonda pakamwa panu ndi pa cholembera chanu. Ndipo ngati pali wina amene mawu ake amakufikitsani kumapeto kwa sabata, Mulungu akupatseni mphamvu yokamuuza adakali chiimire, nthochi zili paphewa. Mtendere ukhale m'nyumba zanu. Ameni.